Belu la Dora Linalira pa Sabata

Ngati lero mwadzuka mtima uli wolefuka, khalani pansi ndikuuzeni za Dora wa ku Kapichi.

Mu 1995 matumba a feteleza anasowa m'sitolo ya esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Palibe anadziwa kuti chitseko chinatsegulidwa liti. Koma mabwana ankafuna woti amuloze chala, ndiye analoza mlonda, a Andreya, bambo ake a Dora. Ntchito inatha, nyumba ya kampani analandidwa. Sukulu ya Dora inathera pomwepo, ali Fomu 2.

Dora anabwerera ku esiteti komweko kukathyola tiyi, dengu kumsana. Masiku amenewo amawasowabe mpaka lero: nkhungu ya m'mawa, nyimbo za Chilomwe m'mizere ya tiyi, fungo la masamba ofota lochokera kufakitale. Chimene sachisowa ndi dzina limene anthu anamupatsa, loti mwana wa wakuba uja.

Patapita zaka anamuika kosesa m'maofesi. Kumeneko kunali a Chester, mkulu wa zamagetsi, bambo wolongolola koma wa mtima wabwino. Iwo akamalumikiza mawaya, tsache la Dora linkachedwa dala pafupi nawo, mpaka tsiku lina anamuuza kuti ngati maso akufuna ntchitoyo, manjanso abwere. Anamuphunzitsa, kenako anamukankhira kukachita kosi ku Limbe. Mayeso oyamba analephera, analira, anabwererakonso. Achiwiri anakhoza.

Mu 2007 esiteti inagula makamera ndi bokosi lake lojambulira. A Chester anali pafupi kupuma pa ntchito, choncho anapempha a manijala kuti alamu ya pa sitolo ya feteleza, sitolo yomwe ija, aike Dora. Akaigwira bwino ntchitoyo, malo a a Chester adzakhala ake.

Dora anamata kachipangizo pachitseko, n'kukoka waya mpaka kuseri kwa bokosilo. Anatchuna makinawo kuti chitseko chikangotseguka, tsiku lililonse, kamera izijambula ndipo bokosi lizilemba tsiku ndi nthawi. Belu lalikulu lokha ndilo linayenera kulira chitseko chikatsegulidwa pa tsiku lopuma.

Apa ndi pamene zinapindika. Dora anakulira mu mpingo wa Seventh Day, ndipo kwa iye tsiku lopuma ndi Loweruka basi. Potchuna belulo, chala chinangopita chokha pa Loweruka. Komatu esiteti imagwira ntchito Loweruka, n'kupuma Lamulungu.

Loweruka limenelo, wosunga sitolo akangoti atulutse thumba, belu linkang'amba phiri lonse. Othyola tiyi anataya madengu kuthamangira akuba oti kulibe, agalu a mabwana anauwa mpaka kusasa mawu. Dora mwiniwakeyo anali kutchalitchi, foni atazimitsa, akuimba kwaya mtima uli m'malo. Lamulungu, tsiku loti belu lilondere, linagona tulo.

Pofika Lolemba m'mawa mphekesera zinali zitazungulira fakitale yonse, zoti mwana wa Andreya wasiyira dala anzake mpata Lamulungu. Dora anachita mantha, osati chifukwa cha ntchito yokha, koma poona kuti dzina la bambo ake likubwereranso m'matope. A Chester anamunong'oneza kuti akangonena kuti makina atsopano amavuta. Iye anapukusa mutu.

"Bwana, ndalakwitsa ndine, si makina ayi," anawauza a manijala. "Ndaika Sabata langa m'malo mwa lanu. Koma tiyeni tione zimene bokosi lalemba."

Anatsegula mndandanda wa zochitika. Loweruka linali lodzaza mizere, kutsegula kulikonse ndi chithunzi chake. Pa Lamulungu panalibe mzere ngakhale umodzi. Chitseko sichinakhudzidwe, ndipo matumba onse analimo. A manijala anaseka mpaka kupukuta misozi, namuuza kuti akonze tsikulo msanga asanagonthetse esiteti yonse. Munthu wovomera kulakwa kwake poyera, iwo anatero, ndi amene angamusiyire makiyi. Malo a a Chester anakhala ake.

Mlungu wotsatira Dora anabwera ndi a Andreya, atakalamba, akuyendera ndodo. Anawaonetsa pa sikirini chitseko chimene ankachilondera kale, ndi mizere ya nthawi pambali pake. Mkuluyo anayang'anitsitsa, kenako anatembenukira kwa mwana wake.

"Kanthu aka kakanakhalapo nthawi ija, mwanawe, ukanamaliza sukulu."

"Tsopano kalipo, ababa. Mlonda wa pano sadzachotsedwanso popanda umboni."

A Andreya anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwasenza dzina loipa limene simunalipange. Mwinanso mwalakwitsa anthu onse akuona, ngati belu la Dora. Vomerani, konzani, mupitirize. Chitseko chimene chinaliza banja la Dora, lero amachiyang'anira ndi iyeyo. Nanunso osataya mtima.