Ndatopa ndi nkhuku ya alamu

Ndiyambe ndatchula mboni zanga, poti ena mwa inu mumati nkhani zanga ndimathira mchere wambiri. Woyamba ndi Che Yusufu wa sitolo pa Tsangano, munthu amene galu samukhudza ngakhale ndi ndodo, ndiye alibe chifukwa chomukometsera. Wachiwiri ndi mlongo wanga Nangozo, amene akanakonda nkhaniyi isanatuluke chifukwa ikukhudza amuna ake. Wachitatu ndi dalaivala wa lole. Dzina sindinamufunse, koma mukakumana naye mudzamuzindikira, akusekabe mpaka lero.

Ine ndili ndi galu wachikuda, wamkazi, dzina lake Ndatopa. Khutu limodzi linaima, linalo linapuma pantchito. Nthiti zake mutha kuphunzitsira mwana kuwerenga. Amadya gaga, ndipo tsiku limene gaga palibe amagona pafupi ndi mtondo n'kumanunkhiza.

Zaka ziwiri zapitazo Ndatopa anaswa, alamu anga a Phiri n'kudzatenga kamwana kamodzi. Kwathu kuno mwana wa galu sitigula ndi ndalama, timapereka nkhuku. Ukapanda kupereka, galuyo sakuwerengera. Alamu anati, "Nkhuku ndibwera nayo Loweruka." Sanatchule kuti Loweruka lake liti.

Kagaluko kanakula osauwa n'kamodzi komwe pakhomo pawo, kenako kanaoloka malire kukakhala ku Mozambique. Amene anakaona akuti kumeneko kamauwa usiku ndi usana, m'Chipwitikizi.

Alamu anati, "Mwaona? Agalu achikuda alibe mutu." Anakwera basi wa ku Lilongwe n'kubwerako ndi galu wachizungu, Kaputeni, wamkulu ngati thole. Kaputeni ali ndi mbale yake, bulangete lake ndi kabuku ka kuchipatala. Ine munthune kabuku kanga kanasowa kalekale.

Tsono Lachiwiri lapitali, nkhungu isanachoke, Nangozo anagogoda.

"Achimwene, dzukani. Ng'ombe zapangolo zathyola khola, zalowa m'khwawa muja muli lunguzi. Mbatatesi yonse ili m'matumba kumunda, lole inyamuka 12 koloko. Ikatisiya, chaka chino tapita."

Kumunda kwawoko galimoto safika, kumafika ngolo basi. Popanda Sitima ndi Bulaki, ng'ombe ziwirizo, thukuta la miyezi inayi likanaolera m'matumba.

"Nanga Kaputeni?" ndinafunsa mwaulemu.

"Musandiyambe, achimwene."

Titafika kukhwawako ndi Ndatopa tinapeza alamu atavula malaya, akudzikanda ndi manja onse awiri. Anayesa kulowa okha, chitedze n'kuwalonjera. Kaputeni anali atakhala pangolo, mwendo umodzi m'mwamba. Akuti analowa mapazi atatu, munga n'kumubaya, ndiye amadikira ambulansi.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Tadzuka. Kagalu kanuko kangathe?"

"Kangathe. Koma panjira kamandifunsa za Loweruka."

"Aa, alamu, ino ndi nthawi ya zimenezo?"

Nangozo sanadikire. "Bambo a Chisomo, nkhukuyo mupereka. Kapena mukufuna goli likhale pakhosi panu ndi pa Kaputeni?"

"Ndipereka," anatero alamu uku akukanda msana pamtengo.

Ndinaimba likhweru kamodzi. Ndatopa anayasamula, n'kuyang'ana Kaputeni monga mmene namwino wakale amayang'anira dokotala wongotuluka kumene kusukulu, kenako anagona chafufumimba n'kulowa pansi pa lunguzi.

Apa mvetserani, inu oweta ng'ombe. Galu wopanda nzeru amathamangitsa ng'ombe cham'mbuyo, ndipo ng'ombeyo imangolowerera m'tchire. Ndatopa satero. Amazungulira mwakachetechete mpaka akaime kutsogolo kwa ng'ombe imene inzake imatsatira, n'kuuwa pamphuno penipeni. Ng'ombe ikapsa mtima n'kuweramitsa nyanga, iye amafutuka pang'ono, cha kumene kuli njira. Auwenso, afutukenso. Sitima ankaganiza kuti akupirikitsa galu wamwano, osadziwa kuti akuperekezedwa kugoli.

Mphindi zosakwana makumi awiri, tchire linayamba kulavula. Kunatuluka Sitima. Kunatuluka Bulaki. Kunatuluka thole la eni ake limene linasowa nthawi ya dzinja, mbuzi zinayi, ndi bambo wina amene anati amangodutsa. Ndikanama funsani Nangozo.

Ngolo inapanga maulendo atatu. Thumba lomaliza linakwera lole injini ikulira kale.

Tsopano ndikufunseni, abale anga. Matenda amenewa tinawatenga kuti? Chinthu chikakhala cha pakhomo timati n'chachikuda, ndipo mawuwo timawatchula titakwinya mphuno. Chikabwera pa basi, chili ndi kabuku, timachiyalira bulangete. Mmisiri wa m'mudzi amene anafolera nyumba za theka la mudzi timamuuza kuti "tikuonani." Wochokera kutauni atavala chipewa cholimba timamulipiriratu asanagwire ndi hamala yomwe. Denga likayamba kudontha timagogoda kwa ndani mbandakucha?

Kaputeni sindikumuda ayi. Pageti la mpanda wa njerwa ku Area chakuti ku Lilongwe, iye ndi mfumu. Koma amene anamubweretsa sanafunse kuti khwawa lathu limafuna galu wotani. Anafunsa kuti anthu akamuona adzati chiyani. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, koma ife timayamba taona kaye ubweya.

Chinanso n'chakuti wa pakhomoyo sitimulipira. Si kuti tilibe. Nkhuku zili mbwee pabwalo. Timangoti ndi wathu yemwe, apita kuti?

Lole itatsala pang'ono kunyamuka pa sitolo, alamu anali atasintha kale. Kuyabwa kutatha, anagula Fanta n'kundigwira paphewa.

"Alamu, mwandithandiza. Za nkhuku zija musadandaule. Loweruka."

Ndinayang'ana pansi kuti ndione ngati Ndatopa wamva. Panalibe galu.

Ndinakhala pakhonde la sitolo ya Che Yusufu, n'kumaganiza kuti mwina watsatira mwana wake ku Mozambique. Posakhalitsa Che Yusufu anasiya kuyeza shuga, n'kuloza kumsewu ndi sipuni.

"Ambwana, si galu wanu uyo?"

Kuchokera njira ya kwa alamu kunkabwera thadzi lamawanga, lonenepa, likuyenda pakati pa msewu ngati mkwatibwi. Pambuyo pake anapiye asanu ndi awiri, pamzere. Pambuyo pa onsewo Ndatopa, khutu limodzi lili chiimire, osauwa, osathamanga. Kamwanapiye kakati kapatuke, iye amangokakankha ndi mphuno. Dalaivala anazimitsa injini kuti ulendowo udutse.

Alamu Fanta inawatsamwa.

"Tinapangana nkhuku imodzi! Anapiyewo ndi a chiyani?"

Che Yusufu, amene masamu ndi ntchito yawo, anawerenga pa zala. "A Phiri, zaka ziwiri nkhuku yathanzi ingakhale osaswa? Galuyu wakuchitirani chifundo."

Pamene ndikulemba pano thadzi lija lili m'khola mwanga, ndipo Ndatopa wagona pakhomo la kholalo. Tsono inu amene mukuwerenga, amene munatenga mwana wa galu, kapena khasu, kapena thukuta la mnzanu n'kunena kuti Loweruka, Loweruka lanulo ndi liti? Ndikufunsa chifukwa Ndatopa sabata ino alibe chochita.