Injini Yolira Kamodzi pa Mwezi

Gulu lankhondo la Germany silinali la magalimoto okhaokha monga anthu amanenera masiku ano. Zolembedwa zimasonyeza kuti pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse linagwiritsa ntchito mahatchi oposa mamiliyoni awiri ndi theka, ndipo asilikali ambiri ankayenda wapansi, mizinga yawo ikukokedwa ndi ziweto. Malole anali ochepa. Okalamba a m'midzi yozungulira mzinda wa Zamość amakumbukira kuti msilikali wofuna mbatata kapena nkhumba ankabwera pa ngolo, koma lole ikalowa m'mudzi inkakhala itadzatenga anthu.

Kuchepa komweko ndiko kumapatsa malolewa ulemu pakati pa anthu okonda kutola ndi kukonza magalimoto akale ankhondo. Longin Socha wa m'mudzi wa Topolnik anali mmodzi wa iwo. Anali makaniko pa famu ya boma mpaka pamene famuyo inatsekedwa, ndipo kenako ankakonza mathalakitala a anthu pabwalo la nyumba ya bambo ake. Sankamwa kwambiri, sankasaka nyama, ndipo kutchalitchi ankangopita pa maliro ndi pa Khirisimasi. Lole yake anaipeza m'chaka cha 1997 kuseri kwa nyumba ya mlimi wina, mutu wake utasandutsidwa khola. Nkhuku zinkaikira mazira pamalo pomwe panali mpando wa dalaivala. Longin anakonzera mlimiyo thalakitala, namumangira khola lamatabwa, ndipo anakokera chitsulo chadzimbiricho kwawo.

Chimene chinadabwitsa anthu a m'mudzimo sichinali misala ya Longin, koma kuti bambo ake, a Walenty, anavomera kumuthandiza. Panalibe wosadziwa mbiri ya banjalo. Mu Disembala 1942 asilikali anazinga mudzi, nakweza m'lole amayi awo a Walenty pamodzi ndi Lodzia, mlongo wa a Walenty. A Walenty, amene pa nthawiyo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, anathawira m'nkhalango, ndipo amalume awo ndiwo anakawapeza. Amayi anabwerako nkhondo itatha. Lodzia sanabwerenso. Komabe munthu yemweyo, atakula n'kukhala mmisiri wa malata, ankakhala tsiku lonse m'shedi akuwongola zitseko za loleyo ndi kanyundo kake. Anthu akawafunsa, ankayankha kuti chitsulo chilibe mlandu, n'kupitiriza kukhoma. Mwina ankakhulupiriradi zimenezo. Mwina ankangofuna kukhala pafupi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, amene sankadziwa kucheza ngati m'manja mulibe sipanala.

Injini yeniyeni ya loleyo inali itasowa kalekale, choncho Longin anaikamo ya thalakitala. Lole inkayenda ndithu, ndipo chaka chilichonse ankapita nayo ku chionetsero cha magalimoto akale. Kumeneko n'kumene ankakumana ndi Remigiusz Kuna, dokotala wa ziweto wopuma pa ntchito, mwini njinga yamoto yankhondo imene ngakhale timisomali take tinali ta nthawi ya nkhondoyo. Pakati pa anthu amenewa chinthu chimalemekezedwa pokhapokha chili chenicheni. Amatha kukangana masana onse za mtundu wa penti, koma za anthu amene anakwezedwa m'magalimotowo salankhula kawirikawiri.

"Mdala, thalakitala yakoyi waiveka yunifolomu ya Mjeremani," Remigiusz ankatero pamaso pa anthu, "koma ikangotsokomola, aliyense akudziwa kuti ikufuna pulawo. Ukachoka pano ukandilimireko kumunda."

Longin ankaseka nawo, koma mawuwo ankamutsatira mpaka kunyumba. Anafunafuna injini yeniyeni kwa zaka zambiri, ndipo pomaliza anaipeza kutsidya kwa malire, ku Czechia, pamalo ochekera matabwa pamene inkazunguza macheka. Pofika nthawiyo zambiri zinali zitasintha pakhomo. Amayi ake a Longin anali atamwalira, ndipo asanatsirizike anamulumbiritsa kuti sadzapereka bambo ake ku nyumba yosamalira okalamba. A Walenty anali atayamba kuiwala. Poyamba ankaiwala pamene aika magalasi, kenako anaiwala kuti akazi awo anamwalira, ndipo masiku ena ankafunsa ngati ng'ombe zabwerako kubusa, chikhalirecho pakhomopo panalibe ng'ombe chiyambire Longin ali mwana. Amene ankawasambitsa, kuwameta ndevu ndi kuwadyetsa anali Aldona, mkazi wa Longin, yemwe anasiya ntchito yake ya kusitolo chifukwa cha iwo.

Injini inalira koyamba mu Seputembala 2009. Kulira kwake kunali kwina, kwapansipansi ndi kosalala, kokhala ndi kamluzu kakang'ono pamwamba. Longin anaima atagwira chitseko cha lole, akumva kunjenjemera kwake m'dzanja, ndipo sanazindikire kuti Aldona walowa mpaka pamene anamukoka malaya, namuitana ndi dzina lake lapakhomo.

"Zimitsa, Lonek. Bwera udzaone."

Anapeza a Walenty pansi pa tebulo la kukhitchini, mawondo ali pachifuwa, thalauzi litanyowa. Ankanong'oneza Lodzia kuti asalire, kuti akalira awamva. Panatenga nthawi kuti atuluke, ndipo Longin atayesa kuwagwira mkono anadzipinda ngati akuyembekezera kumenyedwa.

Dokotala wa m'boma anati phokoso lililonse likhoza kudzidzimutsa munthu wodwala chotere, ndipo palibe umboni woti khutu lingasunge kulira kwa injini kuyambira ubwana mpaka ukalamba. Mwina ankanena zoona. Koma pabwalo lomwelo mathalakitala ankalira tsiku ndi tsiku, macheka a injini ankalira, mabingu ankagunda, ndipo a Walenty sankatembenuka n'komwe.

Aldona sanazungulire. Anauza mwamuna wake kuti lole ndi bambo sangakhale pakhomo limodzi: agulitse lole, apo ayi avomere kuti bambo apite kumene angakasamalidwe mwamtendere. Longin anakana zonse ziwiri. Lumbiro lake kwa amayi silinali loti n'kuswa, ndipo lole inali ntchito ya zaka zoposa khumi, ya manja ake ndi a bambo omwewo. Anagwirizana pa mfundo imodzi, yoti injini isadzalirenso a Walenty ali pakhomo.

Okonza magalimoto akale ali ndi lamulo lawo. Amati injini yokonzedwa kumene iyenera kulizidwa kamodzi pa mwezi mpaka itenthe, makamaka m'nyengo yachisanu, kuti oyilo azungulire ndipo zitsulo zam'kati zisagwirane ndi dzimbiri. Amakaniko ena amati kutero kumangoononga, koma Longin ankakhulupirira lamuloli koposa mmene ankakhulupirira china chilichonse. M'miyezi yoyamba panalibe vuto. Lamulungu Aldona ankapita ndi apongozi ake ku Misa, ndipo iwo akangokhota pa msewu, Longin ankalowa m'shedi. Pobwerako ankapeza pakhomo pali zii, kafungo ka petulo kokha kali m'mwamba.

Mu Disembala a Walenty anadwala chifuwa, ndipo dokotala analetsa kuti asatulukenso kunja mpaka kuzizira kutachepa. Mwezi umenewo unatha injini osalira. Januwale anabwera ndi chisanu chosweka nacho mapaipi a madzi. M'mawa uliwonse Longin ankalowa m'shedi, n'kuika dzanja pa chitsulo chozizira, n'kumaganiza za dzimbiri limene sankaliona. Remigiusz ataimba foni anafunsa za loleyo asanafunse za odwala, ndipo atamva kuti yakhala chete miyezi iwiri anaseka.

"Basi bweza nkhuku zija, mdala. Zinkaisamala bwino kuposa iwe."

Tsiku lina Aldona anakwera basi kupita ku Zamość kukatenga mankhwala. Longin anawapatsa bambo ake supu wa masana, nawagoneka, ndipo anaima pakhomo la chipinda mpaka atamva mkonono. Anatseka chitseko, natsegula wailesi kukhitchini. M'shedi anapachika mabulangete akale pa zitseko, natseka ming'alu ndi masaka. Popeza ankadziwa bwino kuti utsi wa injini umapha munthu m'chipinda chotseka, analumikiza paipi yaitali ku ekizozi n'kuitulutsira pa bowo la khoma lakumbuyo. Zonse anaziganizira mwadongosolo, kupatula chinthu chimodzi: khoma lakumbuyolo linayang'anizana ndi zenera la a Walenty. M'kati mwa shedi injini inkamveka ngati ili kutali. Kulira kwake konse kunkatulukira pa paipi.

Ankafuna kuti ingotentha basi. Koma injini inkadumphadumpha, ndipo munthu amene wamva kudumpha kotero sangachoke osakhudza kabyuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Anapotoza pano, namvetsera, napotozanso, mpaka kulira kunakhazikika. Atazimitsa anakhala kanthawi pa mpando wa dalaivala, mtima uli m'malo koyamba chiyambire Khirisimasi.

Potuluka anapeza chitseko cha nyumba chili pululu, chipale chofewa chitalowa mpaka m'khonde. Wailesi inali ikuimbabe. Chikhoti cha bambo ake chinali pa msomali, nsapato zawo zili pansi pake. Buledi amene anali patebulo panalibe. Pa chipale panali mapazi a munthu wovala masokosi okha.

Mapaziwo sanalowere kumsewu. Anadutsa pakati pa mitengo ya maapozi, natsikira m'ngalande ya m'mphepete mwa munda, n'kuitsata mpaka kunkhalango, monga amayendera munthu wosafuna kuonedwa. M'nkhalangomo anasokonekera ndi mapazi a nyama. Longin anathamangira kwa oyandikana nawo, ndipo posakhalitsa anafika amuna a gulu lozimitsa moto la m'mudzimo, atavala mayunifolomu ndi zipewa zachitsulo. Anayalana mzere, nalowa m'mitengo akufuula dzina la a Walenty Socha, wina ali ndi galu. Longin nayenso ankafuula mpaka mawu anasasa. Dzuwa linkapendeka, ndipo palibe amene anayankha.

Aldona anatsika basi n'kupeza nyumba yopanda munthu, ndipo anatsatira phokosolo ali ndi thumba la mankhwala m'manja. Ataona mzere wa amunawo anaima. Anauza mkulu wawo kuti munthu amene akumufuna sanasochere, wabisala, ndipo akubisalira iwo omwewo. Anawapempha kuti abwerere kumunda ndi galu wawo, akhale chete. Ena ananyinyirika koma anabwerera. Iye analowa yekha, Longin akumutsatira chapatali, ndipo ankaitana motsitsa mawu dzina laubwana la a Walenty, monga mayi aitanira mwana.

"Walek. Walek, tuluka. Apita."

Anawapeza pansi pa mizu ya mtengo wakugwa, malo amene mzere wa amuna uja unali utadutsa kale. Anali atadzifunditsa nthambi. Buledi anali m'malaya, osanyemedwa, ndipo Aldona atafuna kuwachotsera anakana, nati ndi wa Lodzia. Longin anawavula masokosi owuma gwa ndi chisanu. Mapazi anali oyera ngati kandulo, ndipo atawatsina sanamve kanthu.

Kuchipatala anawadula zala zonse za kumapazi ndi theka la phazi lamanzere, chifukwa zinali zitafa ndi chisanu. Madokotala ananena mosabisa kuti munthuyo sadzayendanso yekha, ndipo zilonda zake zifunika anamwino usana ndi usiku, zimene Aldona yekha sakanatha. Aldona sanakalipe. Ali pa benchi la m'khonde la chipatala anafunsa funso limodzi.

"Unailiza?"

"Ndinatseka zitseko zonse. Ndinaika mabulangete, ndi wailesi yomwe."

"Ndakufunsa ngati unailiza, Lonek."

Longin anayang'ana manja ake. Oyilo anali akadali m'zikhadabo.

Patapita masiku analoledwa kulowa m'chipinda cha odwala. Anali atasamba, atavala malaya oyera. A Walenty anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakweza dzanja kumutu kufuna kuvula chipewa chimene panalibe, nayamba kudzikoka kuti aimirire pa mapazi omangidwa mabandeji.

"Ndilibe kanthu, bwana," anatero. "Ndimangodutsa."

Longin anawauza kuti ndi iye, mwana wawo, koma mawu ake anangowonjezera mantha, mpaka namwino anamupempha kuti atuluke. Dokotala anati zimenezi zimachitika, ndipo odwala otere amaiwala nkhope popanda chifukwa chilichonse. Koma nkhope ya Aldona a Walenty sanaiiwale mpaka lero.

Pa 2 Malichi 2010 a Walenty anasamutsidwira ku nyumba yosamalira okalamba, ndipo amene anapereka chilolezo anali Longin. Lole sinagulitsidwe. Kuyambira pamenepo Aldona amagona m'chipinda chimene chinali cha apongozi ake, ndipo anabwerera ku ntchito yake ya kusitolo. Lamulungu lililonse Longin amamuperekeza pa galimoto mpaka pa geti la nyumba ya okalamba. Aldona amalowa ndi chakudya, iye n'kutsala m'galimoto kudikira.