Mkwiyo Ulibe Matayala

Mwana wanga wamkazi atakhoza mayeso a Fomu 4, ine ndinali nditamusankhira kale koleji ya unamwino ku Mzuzu. Pafupi, ntchito yosasowa, nkhani yatha. Iye ankafuna ya ku Zomba, komwe amaphunzitsa kulemba ndi kuimba.

"Kuimba mpaka kukhalira m'kalasi?" ndinamufunsa. "Tambala amaimba, analipira fizi kuti?"

"Ada, tambala nyimbo yake ndi imodzi yomweyo," anatero, uku akusenda chinangwa.

Ndinamenya tebulo. Amayi ake sanacheuke n'komwe. Tebulo la kwathu linazolowera.

Mwezi womwewo ndinakwera minibasi kukaiona koleji yangayo. Kondakitala anatipanikiza anayi pa mpando wa atatu, n'kundisanjika dengu la usipa pamiyendo. Ndinamuuza zonse za kumtima kwanga.

"Madala, mukafuna kutambasula miyendo mugule yanu," anatero.

Ndinalamula kuti dalaivala aime. Anaimadi, pakati pa mapiri, popanda ngakhale nyumba. Ndinatsika. Minibasi ija inakafika ku Mzuzu, pobwerera n'kundipeza ndikadali pamsewu, jekete lili m'manja. Kondakitala yemwe uja ananditsegulira chitseko mwaulemu ngati bwana. Ndinakwera, n'kubwerera kwathu. Nkhaniyi ndinauza amayi ake okha, nayonso yodula mutu ndi mchira.

Pa Chaka Chatsopano atsikana ankavina chilimika pafupi ndi msika, mipango ili m'manja. Nyimbo za chilimika sizisiya munthu, aliyense wopalamula amaimbidwa. Anayambitsa yatsopano m'Chitonga, yonena za bambo wina amene anatsika galimoto atakwiya, galimoto n'kupita, iye n'kuzindikira kuti mkwiyo ulibe matayala. Ndinaseka kuposa onse. Kenako munalowa usipa, jekete, ndi kondakitala wotsegula chitseko atagwada. Anthu anayamba kundicheukira.

Ndinafika kunyumba ndikufuka utsi.

"Wapeka nyimbo ija ndani?"

"Ndine, Ada."

"Za chitseko wazimva kwa yani? Amako sindinawauze zimenezo!"

"Sindinamve kwa munthu. Ndinangoganiza kuti kondakitala wamwano akapambana, amasanduka waulemu."

Dzanja linali kale m'mwamba kuti litsikire pa tebulo, koma linaima. Mwanayo panalibe pamsewu paja, komabe anaona zonse.

Sabata imeneyo nyimbo inali paliponse. Amayi ogulitsa nsomba ankaiimba ndikamadutsa, asodzi a ku Mwaya ankandipatsa nayo moni. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti tsiku lina ndikusamba ndinadzimva ndekha ndikuiimbira likhweru. Nyimbo yonditukwana, koma yosachoka m'mutu. Mwana wopeka nyimbo yotere ungamupatse jakisoni kuti azibaya anthu? Akubaya kale.

"Apite ku Zomba," ndinawauza amayi ake.

"Kutali konseko? Si inu munkati Mzuzu?"

"Ku Mzuzu azibwera Loweruka lililonse kudzatola nyimbo pakhomo pano. Akaimbe anthu a ku Zombako, nawonso alawe."

Tsiku lonyamuka ndinamunyamulira chikwama mpaka pa siteji. Mwa makondakitala onse a pa Nkhata Bay, anatithamangira ndi yemwe uja.

"Madala, lero mutsikira pati?"

Magazi anakwera. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinaona mwana wanga akundiyang'anitsitsa, phazi lake layamba kale kugunda pansi ngati ng'oma. Ndinatseka pakamwa, n'kumupatsa mnyamatayo chikwama.