Chikhomo Chimene Ndinasuntha

Ntchito yanga pa Mzimba Boma inali yofufuza madzi a pansi pa nthaka. Anthu amayesa kuti pansipa pali nyanja, ungoboola paliponse madzi atumphuka. Kumapiri kulibe zimenezo. Pansi ndi mwala wokhawokha, madzi amabisala m'ming'alu, ndipo ukaphonya mng'alu umangotulutsa fumbi.

Chaka china mu Okutobala ananditumiza kumudzi wina kupitirira Edingeni. Mudziwo unapatsidwa mjigo umodzi, ndipo galimoto yoboola inali yobwera kamodzi basi. Masiku awiri ndinakhalira kukoka mawaya, kukhoma zitsulo m'nthaka ndi kuwerenga makina. Mng'alu ndinaupeza, wabwino ndithu, m'mphepete mwa khola lakale la ng'ombe. Ndinakhoma chikhomo pomwepo uku ndikudzitama mumtima.

Ine wa ku Ntchisi sindinkadziwa kuti ku Mzimba bambo akamwalira amaikidwa pafupi ndi khola lake. Mayi wamasiye amene ankandiphikira masiku amenewo anabwera nagwada chapatali. Anandiuza kuti pamene ndakhomapo mpamene agona amuna awo. Mayi omwewa ndi amene ankaufunitsitsa mjigowo, chifukwa mwendo wawo unali wotupa ndipo kudambo kokatunga madzi kunali kutali.

"Ndapota, adada, sunthani pachoko waka," anatero.

Ndikanawauza zoona, kuti ntchito iyi ilibe kusuntha pang'ono. Ndikanagonanso tsiku lina ndi kufufuza mbali ina ya mudzi. Koma linali Lachisanu, ndinali nditatopa, komanso ndinachita manyazi kukaniza mayi wogwada. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma m'chifundo changachi munali ulesi wambiri. Ndinazula chikhomo, ndinayenda mapazi makumi atatu chakumsewu, n'kukhomanso, ndikudzinamiza kuti mwina mng'aluwo umafika kumeneko. Mayiwo anati yewo chomene, nandipatsa nkhuku.

Oboola anabwera patatha milungu itatu. Amayi anawalandira ndi nthungululu, zidebe atazindandalika kale pamzere. Tsiku loyamba kunatuluka fumbi. Lachiwiri fumbi lomwelo, loyera ngati ufa, mpaka zidebe zija zinayamba kuchoka chimodzichimodzi. Madzulo oboola anamanga katundu wawo.

Palibe anandiloza chala, ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chimenechi. Ndikukwera njinga yamoto, mayi aja anabwera akutsimphina, fumbi lili mbuu kumutu.

"Pepani chomene, takutayitsani nthawi. Mudzi wathu ulibe mwayi."

Ndinayankha kuti palibe kanthu. Nditafika ku ofesi ndinalemba kuti malowo ndi ouma, osatchulako za chikhomo choyamba chija. Amene anabwera pambuyo panga anawerenga zimenezo, ndipo mudziwo ankaudumpha nthawi zonse akamagawa mijigo. Mayiwo anamwalira akutungabe kudambo.