Mbereko ya a Dalaivala

A Telala anabereka ana asanu, ndipo onsewo anawasambitsa okha m'beseni limodzi lachitsulo, makina osokera akudikira pakona. Amuna awo, a Dalaivala, moyo wawo unali pamsewu ndi lole. Akabwera ankasuzumira khanda ngati katundu wa eni, n'kufunsa madzi osamba.

Mdzukulu woyamba atabadwa, pa 9 Juni, a Telala anatseka shopu nanyamula matewera osoka okha. Ankati tsopano nyumba ya mwana wawo wamwamuna wachisamba iwafuna. Koma mwana wawoyo anamupeza pakhomo, malaya atapinda, akuyesa madzi ndi chigongono. Boma linali litalamula kuti abambo nawonso azipatsidwa tchuthi mwana akabadwa, ndipo kuchipatala anawaphunzitsa kusambitsa, kugeyetsa, zonse.

"Bwera naye kuno mwanayo, ungamugwetse."

"Pumulani, amayi. Mwatopa ndi ulendo."

Anapumula mpaka kupumulako kunayamba kuwawa. Mpongozi wawo ankagona masana, chitseko chotseka, mwamuna akuchapa matewera kuseri. A Telala akamva mkonono wake, mtima unkawira. Iwotu pa mwana wachitatu anasoka mayunifolomu a sukulu yonse, khanda lili pamiyendo, thupi lisanabwerere.

"Ena anabadwa ndi mwayi," ankauza ketulo mokweza. "Ife tinakwatiwa ndi lole."

Lamlungu, pa 21 Juni, a Dalaivala anabwera kudzaona mdzukulu. Mwana wawo sanafunse n'komwe, anangowaika khanda m'manja.

"Dzanja ili kumutu, bambo. Eya, choncho."

Mkuluyo anauma ngati wanyamula mazira pamsewu wa maenje. Kenako anaseka pang'ono.

"Kodi amapepuka chonchi?"

A Telala anaika kapu pansi.

"Asanu, bambo. Asanu ndinakuberekerani, ndiye mukufunsa lero?"

Mpongozi anayang'ana pansi. Koma a Dalaivala khandalo sanalibweze.

Madzulo a Telala ndi amuna awo anabwerera kwawo pa basi. M'mawa mwake a Telala anatsegula shopu natulutsa nsalu yolimba ya ovololo, tepi ili m'khosi.

"Imani apa. Tambasulani manja."

"Mukundisokera chiyani, mayi?"

"Mbereko ya malamba. Chitenje simungachimange ndi chimimba chanucho."

Anayeza mapewa, anayeza mimba, akukoka tepi mpaka mkuluyo anabanika.

"Makolo ake akabwerera kuntchito, mwanayo aziswera kuno. Ine ndizisoka. Inu muzimubereka kumsana, muzichapa, muziyenda naye akalira."

"Nanga anthu pamsewu azitiji?"

"Anandiona ine ndi asanu, palibe anafa."

A Dalaivala anasisita nsaluyo ndi chala kwa kanthawi.

"M'malambamo muikemo thonje," anatero motsitsa mawu. "Msana wanga si wakale uja."

"Wanga unalibe thonje," anayankha a Telala, akuponda makina.

Komabe analiikamo, lochepa.