Mwana amene azakhali anati wabweranso

Ine si munthu wokonda nkhani za mizimu, eskola ndinaphunzira ndithu mpaka sekundariya ku Ulongwe, koma izi ndinaziona ndi maso angawa ndipo sindiwonjezerapo kanthu.

Mwana wathu woyamba anali wamwamuna, wabwinobwino. Wachiwiri anali wamkazi, ndipo anabadwa ndi chotupa chofewa kumunsi kwa msana, chonga phwetekere wakupsa, timiyendo tili lende. Azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, atabwera kudzaona mwana anamutembenuza, ndipo sanadabwe, sanalirenso, anangonena chapansipansi kuti wabweranso. Nditawafunsa kuti wabweranso ndani, anati ndamva molakwa. Mwanayo sanakhalitse. Kwathu kuno khanda lotere amakaliika m'manda ndi amayi okhaokha, amunafe sitifunsa.

Anabadwa wamwamuna wina, wamphumphu. Kenako wamkazi, chotupa chomwecho, malo omwewo, ndipo nayenso anapita. Inu mukadaganiza chiyani? Abale anga anayamba kunena kuti mkazi wanga ali ndi chinthu m'mimba chodya ana aakazi, choncho abwerere kwawo. Iye zovala zake anali atamanga kale m'kapulana, chitenje chake chija.

Tsiku lina masana ndikukumba mbatatesi kudimba, azakhali aja ananditsatira n'kundiuza kuti ndiwaperekeze. Tinafika pa kathengo ka m'mbali mwa khwawa, pomwe ndakhala ndikudutsa moyo wanga wonse, ndipo anapatula udzu n'kundionetsa timitumbira tating'ono, tina titaphwa kale. Analoza tiwiri tatsopano nati awa ndi ana anga aakazi awiri aja. Enawo anati ndi alongo anga amene sindinawamvepo, obadwa tisanathawire ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo wakumapeto ndi mwana wa azakhaliwo. Onse aakazi, onse chotupa kumsana. Pamene woyamba wa alongo angawo ankaikidwa, mkazi wanga anali asanabadwe n'komwe.

Pamalopo panali zii, ngakhale mbalame, ndipo thupi langa lonse linachita tsemwe dzuwa lili paliwombo. Azakhali anati ndi mwana mmodzi yemweyo amene amagogoda nyumba ndi nyumba mu mtundu wathu kufuna kulowa, ndiye tisamuchimwire mkazi wanga, mwana wa eni ake.

Ndinamasula ndekha kapulana ija, ndipo tinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Tete kukaonana ndi dotolo. Iye anafotokoza kuti m'masamba obiriwira ndi m'nyemba muli vitamini yotchedwa folato, imene imathandiza kuti msana wa mwana utseke m'masabata oyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Anati matupi a m'mabanja ena saigwiritsa bwino ntchito, ndipo mwana angathe kutengera zimenezi kwa bambo, kwa mayi, kapena kwa onse awiri. Za ana aakazi anati zimaonekadi mwa iwo mochulukirapo, koma chifukwa chake ngakhale madotolo sanachimvetse bwino. Anatipatsa mapiritsi a folato nati mkazi wanga ayambe kumwa asanaime, osati pambuyo pake, ndipo sanalonjeze kanthu.

Pamenepo ndinaganiza za mwambo wathu. Kodi si ife timabisa pakati mpaka pataonekera, kuopa anthu oipa? Mkazi akamafika ku sikelo kukalandira mapiritsi, nthawi ya msana imakhala itadutsa kalekale.

Mkazi wanga anamwa miyezi ingapo, kenako anaima, ndipo anabadwa wamkazi. Azakhali anamutembenuza, ine ndili chilili pakhomo. Msana unali wosalala. Koma pa malo omwe aja panali kadzenje kakang'ono, ngati wina anadinapo ndi chala. Anakayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anati basi, walowa.

Dotolo atamupima anati kadzenjeko kalibe vuto. Lero mtsikanayo amapalasa yekha njinga kupita ku eskola ku Fonte Boa, ndipo pa timitumbira tija sipanawonjezekenso kena ka m'nyumba mwanga.

Ine ndimakhulupirira kuti dotolo ananena zoona, nkhaniyi ili m'magazi ndi m'chakudya. Komabe njira ya kukhwawa ija ndinasiya kudzera, ndipo za kadzenjeko mwanayo sindinamufotokozere. Inu amene zotere zikubwerezabwereza m'banja mwanu, musathamangire kuloza mkazi chala. Funsani kaye akuluakulu a mtundu wanu zimene anakwirira osakuuzani, ndipo ku chipatala pitani pakati pasanabwere.