Mchere M'mabatire

Chaka chimene bambo a mwana wanga anagonekedwa kuchipatala ku Blantyre chifukwa cha chifuwa chachikulu, ine ndinatsala ku Makhuwira, mwana ali kumsana. Makalata ankachedwa. Choncho apongozi anga aamuna anandibwereka wailesi yawo kuti masana aliwonse ndizimvera mauthenga a odwala ndi a maliro. Iwo makutu anali atayamba kugontha.

Vuto linali mabatire. Kugolosale ankasowa miyezi. Ndinkawayanika padzuwa, wailesi n'kuyankhula pang'ono, kenaka zii, mwina pakati pa dzina la munthu.

Mayi wina wa ku Marka, wokwatiwa pafupi nafe, anandiseka.

"Inu mukuyanika ngati nsomba? Kwathu timaboola ndi msomali, n'kuthiramo madzi a mchere."

Ndinachita zomwezo. Masiku awiri wailesi inafuula mpaka kudimba. Tsiku lachitatu ndinapeza mabatire atatuluka zoyera ngati phala, tiwaya tam'kati titagwira dzimbiri. Apongozi anaitembenuzatembenuza wailesiyo. Mwa mwambo sakanandikalipira maso ndi maso, ndiye anafunsa akazi awo, ine ndili chogwada pomwepo.

"Kodi mayi, wailesi yanga yasanduka ndiwo?"

Anati zikachitikanso ailanda. Ndinapala dzimbirilo ndi mpeni, n'kukhala pansi kuganiza. Mchere unagwira ntchito, choipa chinali madzi.

Ndinatola mabatire akutha m'nyumba za anzanga. M'mawa uliwonse, mwana akayamwa n'kugona, ndinkayesa awiriawiri pa tochi yakale. Mchere wouma wa m'sitolo sunayatse kanthu. Ndinaupera pamwala mpaka kukhala ngati ufa, komabe ayi. Wosakaniza ndi phulusa unatupitsa batire. Kenaka ndinayesa mchere wathu wotuwa uja, umene amayi amaphika kuchokera ku dothi la m'dambo. Umenewu suuma kwenikweni, umakoka chinyezi wokha ngakhale m'chilimwe. Ndinaukulunga m'kathonje ka m'munda mwathu, kukankhira pabowo ndi kamtengo, n'kumata ndi phula la njuchi. Tochi inayaka mofiira. Ndinadikira masiku anayi, mabatire osadontha.

M'wailesi mawu ankatuluka apansipansi, oti ugunditse khutu. Mayi wa ku Marka uja anati yanga ikunong'ona ngati mkamwini watsopano. Koma sinkaduka, ndipo mabatire awiri ankatha sabata.

Uthenga unabwera nthawi yokolola mapira. Ndinamva dzina la mudzi wathu, kenaka la bambo a mwana. Ndinamutseka mwana pakamwa ndi bere. Wowerengayo anati wodwalayo watulutsidwa, koma sangathe kuyenda yekha, wachibale apite akamutenge.

Ndinapita kukagwada pakhomo pa apongozi n'kufotokozera akazi awo mokweza. Akuluwo anandibwerezetsa kawiri, kenaka anati munthu akawachapire malaya oti avale pa ulendo wa ku Blantyre.